Sefa ya Abiti Majidu

Mwanahamisi anabadwira m'komboni ya mgodi wina kufupi ndi Selukwe, kumene bambo ake, Che Majidu, ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Bambowo anachoka ku Mangochi ali achinyamata kukafuna ntchito kunja kwa dziko, ndipo mgodi utawakana chifukwa cha chifuwa, anapeza makina opalasa n'kukhazikika pakhondepo. Mwana wamwamuna analibe, choncho sizasi anaipereka kwa mwana wamkaziyu. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, mtsikanayo ankadula kolala ya malaya osayamba wajambula ndi choko. Kusukulu ya mishoni sanapondeko. Zilembo za Chiarabu anaziphunzira kumadarasa, koma za Chizungu ankangoziona ngati maluwa a pansalu. Anthu ankamuitana Abiti Majidu, mwa mwambo wa kwawo kwa bambo ake, ndipo dzinali linamukakamira moyo wake wonse.

Mu 1962 anakwatiwa ndi Haruni, amene ankagwira ntchito yopenta pafakitale ya zitsulo ku Redcliff. Haruni ndiye ankalemba manambala pangolo za sitima ndi zikwangwani zochenjeza anthu za moto ndi magetsi. Anali munthu wa dzanja lofatsa ndi wa mawu ochepa. Kampani inawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri ku Torwood, ndipo mwana wawo woyamba, Asiatu, anabadwira mmenemo. Lamlungu Haruni ankalembera zikwangwani ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama, mkazi wake akusoka madiresi pakhomo.

Kumapeto kwa 1965 boma la azungu linalengeza kuti ladziimira palokha, ndipo mayiko akunja anatseka malonda. Pang'onopang'ono mashelefu a m'masitolo anayamba kuyera. Kenaka anthu anatulukira nzeru. Wina ankaphika sopo, wina jamu, wina makandulo. Boston Sibanda, mwini golosale ya ku Amaveni mumzinda wa Que Que, anayamba kusungunula phula ndi palafini mumgolo kuseri kwa sitolo yake, n'kutulutsa polishi wofiira wopaka pansi. Polishiyo anali wabwino, koma m'zitini zopanda dzina amayi ankamukayikira. Tsiku lina Boston anafika ku Torwood panjinga, chitini chili m'thumba la jekete.

"Baba Haruni, ndikufuna dzina pachitini chilichonse," anatero, akusakaniza Chichewa ndi Chindebele monga ankachitira. "Mulembe kuti KHANYA, ndiye kuti kuwala. Zitini ndili nazo mazana asanu."

Haruni anavomera. Anadula timapepala n'kuyamba kulemba ndi bulashi, kamodzikamodzi. Atatha Malamlungu atatu anali atalemba makumi asanu ndi limodzi okha, ndipo panalibe tiwiri tofanana. Abiti Majidu ankamuyang'ana ali pamakina ake mpaka mtima unamukana.

"Bambo a Asiatu, kodi azungu aja nawonso amalemba chitini chimodzichimodzi chonchi?"

"Ayi. Iwo ali ndi sefa."

"Sefa ya ufa?"

Haruni anaseka, n'kufotokoza zimene anaona kuntchito. Amakhoma felemu ya matabwa, n'kukokapo nsalu ya silika mpaka kulimba ngati ng'oma. Pansaluyo amamatapo pepala limene adulamo zilembo. Akathira penti n'kuikoka ndi labala, imadutsa m'malo odulidwawo mokha, ndipo munthu akhoza kudinda chinthu chomwecho tsiku lonse.

"Koma silikayo inkachokera kunja," anatero. "Masiku ano ngakhale akampani akuisunga ngati mankhwala."

"Inu khomani felemuyo. Za nsalu mundisiyire ine."

Anayamba ndi neti ya udzudzu, koma mabowo anali aakulu ndipo penti inangokhuthukira patebulo. Anayesa katani, anayesa mpango wake wakumutu, anayesa ndi sokosi zazitali za mkazi wa mphunzitsi wina. Mlungu wachitatu anakumbukira zotsala za diresi laukwati limene anasokera mtsikana wa ku Anglican, nsalu yopyapyala koma youma imene osoka ankaitcha ogandi. Anainyowetsa, n'kuikoka pafelemu akukhoma timisomali mozungulira, ndipo itauma inalira pansi pa chala. Labala anadula ku chidutswa cha lamba wa makina chimene Haruni anatola kudzala la zitsulo. Haruni anajambula zilembo papepala lopaka vanishi, koma lezala anaigwira ndi mkaziyo, popeza m'nyumbamo wodziwa kudula anali iyeyo. Anamata pepalalo pansalu ndi simbi yofunda.

Kapepala koyamba kanatuluka kothimbirira. Kachiwiri penti inachuluka. Pa kachisanu, zilembo zisanu ndi chimodzi zinaima zakuthwa m'mbali, zoyera pakati pa kufiira. Dzuwa lisanapendeke, timapepala mazana anayi tinali titayanikidwa pabedi, pawindo ndi pachingwe cha zovala. Abiti Majidu sankadziwa kuwerenga chimene anadulacho, koma kuyambira tsiku limenelo K, H, A, N ndi Y ankazizindikira paliponse, ngati anthu a m'dera lake.

Polishi wa Boston anayenda malonda, ndipo wophika sopo ndi wa makandulo anabwera kudzafunsa kumene anadinditsa. Pofika 1968 ntchito ya Lamlungu inali itadya Loweruka ndi madzulo a masiku onse. Apa m'pamene mkaziyo ananena zoti Haruni asiye ntchito ya kufakitale. Haruni anachita mantha, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: nyumba ya ku Torwood inali ya kampani, wosiya ntchito ankapereka makiyi mwezi womwewo.

"Tikagona kuti ndi ana awiri?" anafunsa.

"Amalume ali ndi bwalo lalikulu ku Mambo, lokeshoni ya ku Gwelo. Ku Gwelo kuli masitolo, kuli masukulu, kuli mabasi. Kuno mukulembera munthu mmodzi manambala omwewo zaka khumi. Kumeneko aliyense ali ndi dzina lake loti lilembedwe."

Haruni anaganiza miyezi iwiri, kenaka anakatsanzika. Anasamukira ku Mambo palole ya nkhuni, mafelemu atakulungidwa m'mabulangete ngati magalasi. Kuseri kwa nyumba ya amalumewo anamanga shedi yamalata, ndipo mmenemo ndi mmene bizinesi inakulira. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola munthu wakuda kutsegula sitolo m'misewu ya pakati pa tauni, choncho Haruni ankazungulira panjinga ndi chikwama cha zitsanzo, mkazi wake akudula ndi kudinda.

Ntchito inabwera yamitundumitundu. Eni zigayo ankafuna mayina pamatumba a ufa. Masukulu a m'lokeshoni ankafuna mabaji a pathumba la malaya. Mabungwe a maliro a anthu ochokera ku Malawi ankabwera ndi nsalu zazitali zoti azinyamula patsogolo pa bokosi, ndipo ovina beni a m'migodi ankafuna malamba opingasa pachifuwa okhala ndi maudindo awo, uyu jenerali, uyu dokotala. Haruni ankalembanso mabasi ndi zikwangwani zikuluzikulu ndi bulashi. Zolakwika sizinalephere. Chaka china Abiti Majidu anamata pepala chadodolido pamajezi a timu yampira ya pamgodi wina, N n'kutuluka atatembenuka pamisana ya anthu khumi ndi mmodzi. Anapepesa n'kulonjeza kudinda ena, koma Lamlungu lake timuyo inagoletsa zigoli zinayi, ndipo osewerawo anakana kwamtuwagalu kuvula majeziwo.

Cholakwikacho chinamuwawa ndithu. Anauza mwamuna wake kuti asamupatsenso pepala asanamuwerengere ndi kumutchulira chilembo chilichonse. Patatha zaka ziwiri ankawerenga yekha makalata a oda, Achingerezi ndi Achishona omwe.

Nkhondo inayamba ngati nkhani ya kutali, ya kumalire. Pofika 1976 inali italowa m'nyumba. Mabasi ena analeka kupita kumidzi chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo anthu othawa anadzaza malokeshoni a Mambo ndi Mkoba. Mmodzi wa iwo anali Leticia, mayi wa ku Belingwe amene mudzi wake unatenthedwa. Anafika pashedipo kudzafunsa ganyu yochapa. Abiti Majidu anamuyang'ana mikono, n'kumupatsa labala.

"Kokani kamodzi, mwamphamvu, osabwereza," anamuuza. Leticia anakoka, ndipo anakhala pamenepo zaka zambiri.

Chaka chomwecho mzungu amene anali ndi shopu ya zikwangwani m'tauni anayamba kuitanidwa kunkhondo, milungu isanu ndi umodzi kutchire, isanu ndi umodzi kunyumba. Makasitomala ake anatopa kudikira. Anthu a ku Mambo anayamba kuona magalimoto a azungu ndi amwenye akufunsa njira ya kwa Che Haruni a zikwangwani. Abiti Majidu ankawalandira monga ankalandirira mwini chigayo aliyense: mpando, tsiku lodzatenga, basi. Wina atamuuza kuti aike ntchito yake patsogolo pa nsalu ya bungwe la maliro, anamuyankha kuti malemuwo aikidwa mawa ndipo sangadikire, koma sitolo ya nsapato idzakhalapo mpaka Lachisanu. Mzunguyo anabwera Lachisanu.

Mu Ogasiti 1977 ku Mkoba kunaoneka masikipa olembedwa mawu oti dziko libwerere kwa eni ake. Lachiwiri lina mmawa, shedi itangotsegulidwa, apolisi anafika. Anagubuduza zitini za penti, anatenga mafelemu atatu, n'kukweza Haruni m'galimoto. Kwa iwo nkhani inali yachidule: munthu wakuda wodinda zovala mu Gwelo yense anali mmodzi.

Amalume analangiza kuti akhale chete. Haruni anabadwira ku Malawi, ndipo mlendo wopanga phokoso ankatha kuthamangitsidwa m'dziko. Abiti Majidu anamvetsera mwaulemu, koma kutacha anamanga felemu imodzi yotsala, labala, kachitini ka penti ndi nsalu yoyera, n'kuuza Leticia kuti amuperekeze. Anakhala pabenchi ya kupolisi kuyambira mmawa mpaka madzulo. Sajeni wakuda anawauza mu Chishona kuti abwana alibe nthawi. Anabweranso tsiku lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Tsiku lachisanu mzungu wa nkhaniyo anatuluka muofesi, n'kuima patsogolo pawo.

"Ini wena funa?" anafunsa m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, kutanthauza kuti akufuna chiyani.

Abiti Majidu anayankha m'Chingerezi chimene anaphunzira podula zilembo. Anati akufuna kuona sikipayo, chifukwa wodula zilembo pashedi paja si mwamuna wake koma iyeyo, ndipo ntchito ya manja ake amaidziwa. Mzunguyo anadabwa, koma anawalowetsa, n'kuponya sikipa patebulo.

Mayiyo anaiyala bwinobwino ngati nsalu ya kasitomala, n'kuloza ndi chikhadabo.

"Taonani O uyu, bwana. Ali ndi timilatho tiwiri, pamwamba ndi pansi. A nayenso ali nato. Wolemba izi anadula katoni, ndiye akanapanda kusiya timilathoti, pakati pa chilembo pakanagwa. Taonaninso m'mbali, penti yamwazika ngati fumbi. Anapopera ndi pampu ya mankhwala a ntchentche."

Asanamuloleze n'komwe, anayala nsalu yake yoyera pambali pa mafayilo, Leticia n'kugwira felemu. Anathira penti, n'kukoka kamodzi. Atanyamula felemuyo panali baji ya sukulu ina ya ku Mambo.

"Zathu ndi izi. O alibe mlatho, chifukwa nsalu imagwira pakati pake. Mukayandikira muona timizere ta ulusi m'pentimo. Munthu amene ali ndi sefa sangavutike ndi katoni."

Mzunguyo anawerama, anayang'ana uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Anaitana sajeni uja kuti naye aone. Kenaka anafunsa kuti ngati si iwo, nanga ndi ndani.

"Makatoni ali kuseri kwa sitolo iliyonse, bwana. Pampu ili m'nyumba iliyonse imene muli ntchentche."

Apo mzunguyo anatsegula kabati n'kutulutsa zithunzi za amuna anayi. Anati akufuna zikwangwani mazana awiri zokhala ndi nkhope zimenezi ndi mawu olonjeza mphoto kwa wowaulula. Akazidinda, mwamuna wake akagona kunyumba tsiku lomwelo. Abiti Majidu anaziyang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Mmodzi mwa amunawo anali wa msinkhu wa mwamuna wake. Kenaka anazibwezera patebulo.

"Lezala imadula zilembo, bwana. Chithunzi chimafuna makina a ku Salisbury. Ndikayesa ine, anthu anayiwa atuluka nkhope imodzi, ndipo mudzagwira anthu osalakwa."

Anamanga katundu wake n'kutuluka. Ali panjira Leticia analankhula motsitsa mawu.

"Koma amayi, pabotolo la mafuta odzola paja munadula nkhope ya mkazi, ndipo inatuluka bwino."

"Ameneyo palibe amene ankamusaka," anayankha Abiti Majidu, osacheuka.

Masiku otsatira anali olemera. Sankadziwa ngati kukana kwake kwatsekera mwamuna wake chitseko, ndipo amalume sanamubisire maganizo awo. Komabe shedi sanaitseke ngakhale tsiku limodzi. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi chimangidwire, Haruni anatulukira pageti masana, wapansi, atawonda, dzanja lamanja atalikulunga m'malaya. Mlandu unali utatha wopanda khoti. Zala ziwiri zinali zitathyoka, ndipo zinapola zopindika. Zimene zinachitika m'chitolokosi sanazifotokoze, mkazi wakenso sanamuumirize.

Patapita mwezi Haruni anayesa kugwira bulashi. Mzere unatuluka wokhotakhota ngati wa mwana wa sukulu. Anaika bulashiyo pansi, n'kukakhala pamthunzi wa pichesi mpaka madzulo. Anachita chimodzimodzi mawa lake ndi mkuja. Panthawiyo panali chikwangwani chachikulu cha butchala ya ku Mkoba chikudikira, thabwa litapakidwa kale loyera. Abiti Majidu analikoka yekha mpaka pansi pa mtengowo, n'kuliimika patsogolo pa mwamuna wake.

"Bambo a Asiatu, anathyola zala. Maso anakusiyirani. Ndiuzeni poyambira."

"Bulashi si lezala, Abiti. Ine inanditengera zaka zisanu."

"Ndiye tisachedwe."

Haruni anatola kamtengo n'kuloza pakona ya thabwa. Anamuphunzitsa kumenya mizere ndi chingwe chopaka choko, kutsamiritsa dzanja pandodo kuti lisagwedezeke, ndi kukoka mzere wautali mpweya uli m'chifuwa. Anali mphunzitsi wovuta kuposa mmene mkaziyo ankayembekezera. Chikwangwani cha butchalacho anachifufutitsa katatu. Koma pochifufutitsa ankalankhula, ankadzuka, ankakwiya, ndipo Abiti Majidu ankapukuta penti ija mtima uli m'malo. Chaka chisanathe, Haruni anali atazolowera kukoka labala ndi dzanja lamanzere ndiponso kusakaniza mitundu ya penti, ntchito imene panalibe womuposa. Anabwereranso panjinga yake. Pashedipo tsopano pankagwira ntchito amayi anayi, onse othawa nkhondo, ndipo mafelemu anafika khumi ndi awiri.

Mu 1979 lamulo loletsa anthu akuda kuchita malonda m'tauni linachotsedwa. Abiti Majidu anayenda msewu ndi msewu mpaka anapeza chipinda chopanda munthu pakati pa wokonza njinga ndi sitolo ya mbewu. Kusamuka kunachedwa, chifukwa mfuti zitangoleka kulira kumapeto kwa chakacho, chisankho chinabweretsa ntchito yosaneneka. Anthu a zipani zosiyana ankakumana pageti la shedi, aliyense ndi mtolo wa masikipa, akuyang'anana ndi diso lofiira. Mayiyo anawaikira benchi imodzi. Woyamba kufika ankayamba kuthandizidwa, ndipo mawu otukwana chipani china ankawabweza pomwepo. Mmodzi anamufunsa kuti iyeyo ali mbali iti. Anamuyankha kuti akamuuza tsiku lovota, kuseri kwa katani, ngati adzaloledwe kulowa naye.

Analowa m'chipinda cha m'tauni mu Malichi 1980. Loweruka mmawa Haruni anagwira makwerero, ndipo Abiti Majidu, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, anakwera ndi chitini cha penti yobiriwira kukalemba dzina la shopu yawo, chilundu atachimanga molimba, mpango uli kumutu. Anthu opita kumsika anaima kutsidya kwa msewu kuonerera, popeza mkazi wolemba khoma anali asanamuonepo. Iye sanawalabadire. Anamenya mzere wake wa choko n'kuyamba.

Ali pakati pa ntchitoyo panafika bambo wina wonenepa, wovala chipewa cha khaki. Anadzitchula kuti ndi Gedion Mhlanga, mwini mabasi, n'kufunsa Haruni ngati ndiye mwini shopu.

"Lankhulani ndi ali pamwambawo," anatero Haruni.

Gedion anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba. Anati ali ndi mabasi asanu amene akhala pamatabwa osayenda zaka zitatu, ndipo tsopano misewu yatseguka. Mayina a kumene ankapita anafufutika ndi dzuwa. Anawerenga papepala: Gokwe, Zhombe, Silobela, Nkayi, ndi lina la kumigodi ya Shabani. Ankafuna onse akhale pamsewu isanafike Pasaka, chifukwa anthu ambiri akufuna kukaona ngati kwawo kudakali nyumba.

Abiti Majidu anamaliza chilembo chimene anali nacho, anapukuta bulashi m'mphepete mwa chitini, n'kuyang'ana pansi.

"Zitheka, bambo. Muyambe kubweretsa Lolemba, imodziimodzi, chifukwa msewu uno ndi wopapatiza. Koma muyambe mwaitsuka. Penti yanga sigwira pafumbi."